Botolo la ku Texas

Pamwamba pa firiji ya mayi ku Mirrabooka, dera la mumzinda wa Perth kumene tinasamukira, pankakhala botolo lapulasitiki lopanda kanthu, lofinyika pakati, pepala lake litasuluka. Mayi anali munthu wotaya zinthu mosanyengerera, ngakhale nsapato zanga zapamtima zinkalowa m'bini ndisanatsanzikane nazo, koma botolo lija linkapukutidwa fumbi Loweruka lililonse. Linachokera ku Texas, chaka chimene amalume anatiitana kukadya Khirisimasi kwawo.

Ndinali ndi zaka khumi, bambo atamwalira chaka chathacho. Iwo anatsala ku Malawi kudikira mapepala oti atitsatire, ndipo achifwamba anawawombera pamsewu akubwerera kunyumba. Mayi anamva uthengawo ali pantchito kuchipatala. Mmene malo m'ndege ankapezeka n'kuti maliro ataikidwa kale, choncho sanapite. Analira pabalaza ndi amayi a kutchalitchi, kenako anavala yunifomu n'kubwerera kuntchito. Ine, ndi nzeru zanga zachibwana, ndinati basi zatha.

Tinachoka ku Perth dzuwa likuswa mtengo, n'kukafika kozizira kolowa m'mafupa. Amalume, munthu wokonda kufotokoza zimene aliyense akuziona kale, anatitengera kunyumba yaitali ya njerwa zofiira imene inasandutsidwa yosungiramo zinthu za mbiri. Kalekale munthu wina anabisala pawindo la m'mwamba n'kuwombera pulezidenti wa dzikolo akudutsa pagalimoto yopanda denga. Mkatimo munkamveka fungo la matabwa akale ndi majekete onyowa. Ine changa chinali chimodzi, kuona mfuti. Mayi anaima nthawi yaitali pachithunzi cha mkazi wa pulezidentiyo atavala zakuda, akutsatira bokosi. "Uyu anamuperekeza mwamuna wake," anatero, osayang'ana aliyense.

Panja, pakati pa msewu, panali chizindikiro choyera pamalo enieni pamene chipolopolo chinamupezera pulezidentiyo. Alendo ankadikira kuti magalimoto adutse, n'kuthamangirapo, kuonetsa mano onse, kujambulitsa. Nane ndinkafuna, ndipo ndinaloza ndi chala. Mayi anandigwira dzanja n'kulitsitsa. "Pamanda saloza." Kenako anatulutsa chitenje m'chikwama, kuchimanga pamwamba pa jekete, n'kukhala pansi paudzu wozizira atatambalala ngati mmene amakhalira azimayi pasiwa. Anayamba kulira chapansipansi, mapewa akugwedezeka.

Azungu ankatilambalala, ena akucheuka. Ine manyazi anandipha. Ndinawauza m'Chingerezi changa cha ku Perth kuti munthuyo sitinkamudziwa n'komwe. Amalume, m'malo mofotokoza monga mwa chizolowezi chawo, tsiku limenelo anangovula chipewa.

Tisanalowe m'galimoto, mayi anatsegula botolo la madzi limene anagula pakhomo la nyumba ija n'kutithira m'manja, amalume poyamba, kenako ine, iwo pomaliza. "Tachokera kumaliro," anatero. Madziwo ankaluma zala. Botolo analiika m'chikwama, ine ndikung'ung'udza njira yonse kuti anzanga akusukulu sadzakhulupirira popanda chithunzi.

Lero ndikudziwa kuti pamsewu pamene bambo anagwera palibe chizindikiro chilichonse. Magalimoto amangodutsa, ndipo achibale omwe amatsutsana kuti panali pakona iti. Mayi anachita kubwereka malo a mwamuna wa mwini kuti alirirepo wawo, ndipo madzi aja anali omwe akanasamba pochokera kumanda a bambo. Mayi nawonso anatisiya ndisanawauze kuti ndinamvetsa, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka pano. Udzu uja unali ndi malo okwanira anthu awiri. Ndikanakhala pambali pawo, akanakhala ndi mmodzi wowapepesa. Koma ine ndinaima chapatali, manja m'matumba, ndikudabwa kuti mayi akuliriranji mzungu.