Kanthu Kolira M'mutu mwa Chidole

Zaka zimene ndinkakonza maambulera ndi mawotchi pakhonde la golosale ina pa Lisungwi, anthu ankandibweretsera chilichonse chokhala ndi waya kapena sipuling'i: matochi, maloko, magalasi a maso othyoka mwendo. Koma chidole ndinakonzapo chimodzi chokha, ndipo chinandisiyira mbiri imene sindinaifune.

Anabwera nacho mayi ena a ku Ligowe amene anali atangobwerako ku Joni, kumene anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri. Sanachitulutse msanga. Anadikira kuti bambo amene ndinkawakonzera loko achoke, kenako anamasula chitenje n'kuyala patebulo panga mutu, thunthu, mikono ndi miyendo, chilichonse pachokha.

Mutuwo unali wa dongo loyera losalala, longa la makapu a tiyi osachedwa kusweka aja. Tsitsi lake linali ngati la munthu weniweni, ndipo maso anali otsinzina pang'ono ngati a mwana wodwala malungo.

"Anandipatsa abwana anga aakazi asanamwalire," anatero mayiwo ndisanafunse n'komwe. "Zingwe zam'kati zinaduka m'basi. Mungathe kuchilumikiza?"

Kufulumira kufotokozako kunandikayikitsa. Ndinkadziwa anthu angapo amene anabwera ku Joni ndi katundu woti anachita kupatsidwa, koma osafuna kuti aliyense amuone. Komanso munthu wa imvi kulipira galimoto kuchokera ku Ligowe chifukwa cha chidole? Kwathu kuno chifaniziro cha munthu chokulungidwa m'chitenje sitimangochitenga ngati choseweretsa ana.

Nditanyamula mutuwo, m'kati munalira kanthu, gobede gobede.

"Muli chiyani umu, amayi?"

"Kaya. Chinayamba kulira paulendo womwewo."

Ndinawauza kuti abwerenso tsiku la msika lotsatira.

Telala amene ankasoka pakhonde lomwelo anakana kuti chidolecho chigone pamodzi ndi makina ake. Akazi anga nawo atachiona anati m'nyumba chisalowe. Chinkagona m'khitchini, m'katoni ya mitengo ya maambulera.

Ntchito yake sinali yovuta kuimvetsa. Thunthu linali lamphako, ndipo mikono ndi miyendo inali ndi mitu yozungulira yolowa m'mabowo ake. Zonse zinkakokana ndi lasitiki wodutsa m'kati, wokoledwa ku timbedza tachitsulo. Lasitiki wakaleyo anali atauma, ankangoduka ndikamugwira. Ndinagula watsopano woburungira kwa telala uja, ndinapinda sipoko ya njinga kuti ikhale chokokera, n'kuyamba. Koyamba ndinalekerera, miyendo inkangolendewera. Kachiwiri ndinakoka kwambiri, chidole chinadzipinda mawondo ndipo ndinaopa kuti khosi ling'aluka. Kenako ndinapeza muyeso wake, chinakhala tsonga chokha patebulo.

Kuti ndikole mutu ndinayenera kuutsegula. Ndinanyowetsa guluu ndi kansalu ka madzi ofunda mpaka tsitsi linamatuka, ndipo pansi pake panali kachivundikiro ka katoni. Ndisaname, ndinachotsa kachivundikiroko ndi kamtengo, nkhope nditatembenuzira kumbali, chifukwa sindinkadziwa chimene chituluke. M'kati munali maso awiri agalasi olumikizidwa ndi waya, ndi kachibulumwa ka mtovu kaukulu ngati nzama. Kanali katasololoka pa waya wake. Nditakabwezera n'kukapana ndi pulayala, maso aja anayamba kutseguka chidole chikakhala, n'kutsekeka chikagona.

Tsiku la msika mayi aja anabwera ndi alongo awo, bambo wamtali wa jekete lachikopa. Ndinayembekezera kuti asangalala. Bamboyo sanayang'ane n'komwe mikono kapena miyendo. Anatenga chidole, n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Zii.

"Chija chinkalira chili kuti?"

Ndinawafotokozera za mtovu ndi maso.

"Mtovu eti," anatero. "Achimwene, mzungu sangasunge chidole m'kabati yagalasi zaka zonsezo popanda chifukwa. Anthu amenewo amabisa miyala yamtengo wapatali m'zinthu zoterezi. Inu mwatsegula muli nokha."

Anthu anayamba kuima. Mayi wogulitsa matemba anasiya malo ake n'kubwera pafupi. Ndinaona kuti kulankhula sikuthandiza, ndiye ndinapempha madzi ofunda m'tirumu, ndinamatulanso tsitsi lija onse akuona, n'kuwaonetsa mtovu uli pa waya wake. Bamboyo anaukanda ndi kampeni.

"Mtovu wotere umapezeka m'batire lililonse lakutha. Ndidziwa bwanji kuti ndi womwe unali m'menemu?"

Akunena choncho maso awo anagwera pa kachitini kanga kamene ndinkasungamo tizidutswa ta mtovu wowotcherera mawaya. Anakaloza ndi kampeni komweko. Anthu aja nawo anayang'ana kachitiniko.

Ndinatembenukira kwa mayiwo. "Amayi, inu mukuti bwanji?"

"Ine m'kati sindinaonemo," anayankha chapansipansi.

Zinali zoona, koma si zimene ndinkafuna kumva. Ndinamata tsitsi, iwo analipira, anakulunga chidole chawo n'kumapita.

Nkhaniyo inatsala pa Lisungwi. Chaka chomwecho nandolo anachita bwino ndipo ndinafolera khitchini yanga ndi malata. Anthu ankati ndi malata a chidole. Ena ankanena moseka, ena ayi. Tsiku lina telala, munthu amene tinakhala limodzi pakhondepo zaka zambiri, anaimitsa makina n'kundifunsa monong'ona kuti, "Kodi kamwalako kanali ka mtundu wanji?" Nditakwiya anati amangocheza, koma kuchokera pamenepo ankati akachokapo, amatseka kabati ya makina ake ndi kiyi.

Inenso maganizo sanandisiye. Mwina alongo a mayi aja ndiwo anawatuma kwa ine kuti nditsegule mutuwo, poopa kuuswa okha. Mwina ankafuna kundiopseza kuti ndiwapatse kenakake. Nthawi zina ndinkaganizanso kuti mwina abwana aja sanamwalire n'komwe, ndipo kwinakwake ku Joni kuli kabati yagalasi yopanda kanthu. Palibe chimene ndinatsimikiza.

Mvula itatha mayi aja anabweranso, ulendo uno okha. Lasitiki wanga anali akadali wolimba, koma mutu unali utang'aluka kuchokera kuseri kwa khutu mpaka pakati. Tsitsi linali litazulidwa, maso atawamanga m'kampango. Mtovu uja panalibe.

"Chinagwa pa kabati," anatero.

M'mphepete mwa mng'aluwo munali tizipsera tolowera sikuludiraiva. Ndinatiyang'ana, iwonso anaona kuti ndationa. Sindinafunse za alongo awo, ndipo iwo sanawatchule.

"Ndikonza, koma musachoke," ndinawauza. "Khalani pabenchipa mpaka ndimalize."

Anakhala. Ndinasakaniza guluu, ndinalumikiza zidutswazo, n'kuzimanga ndi lamba wa chubu cha njinga kuti zigwirane. Mtovu wina ndinatenga m'kachitini kanga, ndinauika kaye m'manja mwawo kuti auone bwino, kenako ndinaupana pa waya. Dzuwa linachoka pakhonde, basi ya ku Ligowe inaliza hutala n'kunyamuka, iwo osasuntha. Maso awo anali pa zala zanga nthawi yonseyo. Sindinadziwe ngati ankadera nkhawa chidole chawo kapena ankandilonda ine.

Mng'alu uja sunabisike. Ndinawalangiza kuti asokere chidolecho kachipewa. Anavomera ndi mutu, n'kufunsa ngati ndikudziwa nyumba ina imene angagonepo mpaka m'mawa. Ndinawaperekeza kwa achemwali awo a akazi anga, kuseri kwa chigayo.