Madzi a agogo a ku Fremantle

Pa zaka zija migodi ya kumpoto kwa Australia inkalemba ntchito aliyense wodziwa kugwira fosholo, ine ndinkayeza miyala m'chipululu chofiira, ndipo ndinkakhala komweko. Perth ndinkangodutsapo. Nyanja ndinkaionera pa windo la ndege: mchenga woyera, madzi abuluu, kenako matayala agunda pansi. Zaka ziwiri zinatha phazi langa lisananyowe.

Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, sankandipempha kanthu. Koma ku Kawale kwathuko, mayi woyandikana nawo nyumba anali ndi mwana woyendetsa mathiraki, ndipo mwanayo anawabweretsera botolo la madzi a m'nyanja yamchere ya ku Beira. Botololo analiika pamwamba pa kabati, ndipo mlendo aliyense ankayamba walimvera mbiri yake asanapatsidwe mpando.

"Iwe," anatero agogo pa foni, "kumeneko nyanja yamchere iliko?"

"Iliko, agogo."

"Ikuposa ya ku Beira?"

"Ndi imodzi yomweyo, kungoti ife tili tsidya lino."

"Za imodzizo usandiuze. Unditungire."

Tsiku lopita kumudzi, ndege ya ku mgodi inatera ku Perth m'mawa, ndipo ya ku Joni inali yonyamuka madzulo. Ndinali ndi maola asanu ndi limodzi. M'chikwama ndinali ndi botolo lopanda kanthu la malita awiri, ndipo ndinali nditakonza zokwera takisi mpaka ku gombe la ku Fremantle. Cholakwa changa chinali chimodzi: ndinauzako Mmalawi mnzanga wa zamagetsi ku mgodi kuti ndikupita kwathu.

Nditangotuluka ndi chikwama changa, ndinaona mayi wina wonenepa bwino, atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu ya unesi, akuyang'ana nkhope ya munthu wakuda aliyense.

"Ndiwe uja wa ku Kawale?"

"Ndine, amayi."

"Ndakudziwira kuonda. Tiye, galimoto ili panja."

Sindinawaonepo chibadwire, koma mmene tinkafika pagalimoto n'kuti ndili kale mwana wawo. Anatsegula kumbuyo. Munali mabulangete awiri, nsapato za ana, mankhwala opaka miyendo ndi ketulo yamagetsi ya mlamu wawo wa ku Area 25.

"Timaphukusi tochepa chabe," anatero. "Tipite kaye kunyumba ku Mirrabooka, ndaphika. Amayi a kutchalitchi akubwera kudzakupempherera. Ena ali ndi timakalata."

Timakalata timeneto ndinkatidziwa: kalata imabwera itamangiriridwa ku jekete. Ndinkadziwanso mmene tsikulo lithere. Moni wa mmodzimmodzi, kusamba m'manja, kudya, kuwonjezeredwa, nyimbo, pemphero, pemphero lina la amene wafika mochedwa. Nyanja ndikanaioneranso pa windo.

Ndine munthu wosalankhulalankhula. Ndili mwana ndinkakhala pakona n'kumaonerera akuluakulu, ndipo ndinaona kuti wamkulu sumukanira wekha. Umamupezera wamkulu womuposa kuti amukanire.

"Amayi, ine ndilibe vuto," ndinatero ndikuyang'ana maondo anga. "Kungoti agogo anandilamula kuti ndisanatunge madzi awo a m'nyanja, ndisanyamule katundu wa munthu wina aliyense."

"Ananena choncho?"

"Ndi pakamwa pawo."

"Ndi aakulu bwanji agogo akowo?"

"Mano anatha kalekale."

Mayiwo anayendetsabe galimoto pang'ono. Kenako anayang'ana mabulangete awo pagalasi, n'kusintha indiketa.

Ku Fremantle kunali kamphepo kozizira bwino, ndipo azungu anali atagona pamchenga ngati usipa woyanika. Mayiwo anaulula kuti pa zaka zonse zimene akhala ku Perth, kunyanja anabwerako kamodzi, ndipo sanatsike m'galimoto. Ine ndinali nditavala majombo anga a ku mgodi achitsulo kutsogolo. Ndinawerama m'mphepete penipeni n'kuyamba kutunga.

"Iwe! Osati apo! Sukuona agalu akusamba pomwepo? Ukufuna agogo ako amwe za agalu a azungu?"

"Sakamwa, amayi, ndi oika pakabati."

"Ngakhale pakabati. Bweretsa kuno. Wamigodi iwe ukudziwa miyala basi."

Anandilanda botolo, anavula nsapato, anakweza chitenje, n'kulowa m'madzi pang'onopang'ono ngati akupita kukabatizidwa. M'maondo. M'chiuno. Ndinaliona funde likubwera kumbuyo kwawo pamene anatembenuka kuti andionetse botolo lodzaza. Ndikanatha kufuula. Ndinangoyang'ana, monga mwa chizolowezi changa.

Anamira onse kupatula dzanja limodzi, limene linatsala m'mwamba litagwira botolo. Atavuuka anatsokomola, anaitana mayina a abale awo awiri omwalira, kenako anayamba kuseka mpaka anakhala pansi m'madzi momwemo. Funde lachiwiri analidikirira dala.

Tinagula nsomba ndi tchipisi, n'kukhala pabenchi kuti zovala ziume. Mbalame zoyera za kunyanja zinatizungulira, ndipo imodzi inawatsomphola nsomba m'manja. Anaitukwana m'Chichewa, m'Chingerezi, n'kumalizira m'Chitumbuka. Foni yawo inalira katatu. Kachitatuko anayankha.

"Yambani kudya. Ife tili pa ntchito ya agogo. Ayi, sitingafulumire, ndi lamulo la munthu wamkulu." Atadula anandifunsa ngati ndinalawapo ayisikilimu wa kumeneko.

Ku Mirrabooka sitinafikeko. Timakalata tonse tinatsala.

Ku bwalo la ndege tinalongedza zonse m'chikwama changa, botolo litakulungidwa m'bulangete. Mtsikana wa pasikelo anati chapitirira ndi makilogalamu awiri. Ine ndinayang'ana pansi. Mayiwo anayang'ana botolo, anayang'ana ketulo, anapumira m'mwamba. Anatulutsa ketulo n'kuikwapatira m'khwapa.

"Mlamu wanga aziwiritsa pambaula monga kale. Sanafe nayo."

Nditafika ku Kawale, agogo sanafunse za ulendo. Anaviika chala m'botolo, analawa, n'kutuma uthenga kwa mayi woyandikana nawo uja kuti abwere ndi botolo lawo. Analawa onse awiri, uku ndi uku, nkhope zili gwa. Mayi aja anati n'chimodzimodzi. Agogo anati munthu wa lilime lozolowera za ku Beira sangamve kusiyana, ndipo anakwera pampando okha kukaika botolo lawo pamwamba pa kabati.

Mlendo atapita ndinawauza za bodza langa lija, kuti ndinawaika mawu m'kamwa.

"Ndinanena choncho ine?"

"Simunanene, agogo."

Anaganiza pang'ono akuyang'ana botolo lawo.

"Ndinanena," anatero. "Iweyo sunamvetsetse, foni inkadukaduka."