Chitini Chobowola cha a Muhiwa

Ndikakumbukira a Muhiwa, ndimamva fungo la penti ndi palafini losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zonyowa za bulugamu. Tinkayandikana nawo kumalayini, pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa, zaka zija matipate atangoyamba. Ntchito yawo inali yopenta nyumba za mabwana, koma Lamulungu, Sabata litapita, ankayala pabwalo masaka a feteleza osokedwa pamodzi, n'kutenga zitini zobowola kunsi ndi msomali, muli penti wotsala: wobiriwira wa malata, wofiira wa pansi, woyera wa zipupa. Burashi sankaigwira. Ankangoyenda chozungulira, chitini chikudontha, mizere ikupingasana.

"Achimwene, penti wabwinobwino mukumwetsa nyerere?" amayi ankawaseka.

"Nazonso zione zokongola, alongo!"

Ine ndinabadwa ndi manja onjenjemera. Madzi ndinkataya, zolemba zanga aphunzitsi ankati yapalasa nkhuku, ndipo amayi ankadandaula ine ndikumva: "Ameneyu kapitawo adzamulemba? Adzathyola nsonga kapena adzathothola mtengo wonse?" Manjawo ndinkawabisa m'khwapa.

Tsiku lina a Muhiwa anandiitana, nandipatsa chitini cha penti wofiira.

"Ndiwononga, amalume," ndinakana.

"Gwira iwe. Dzanja langali burashi inaliumitsa. Taona mizere yangayi, ngati njanji."

Ndinagwira. Dzanja linayamba zake zija, penti n'kumagwa mokhotakhota, apa timadontho, apo kamzere kopyapyala ngati ulusi. Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anagwada, nayang'anitsitsa.

"Eyaa! Zimenezi ine zimandikanika. Yenda, usaime, ukaima achita chithaphwi."

Saka limenelo analikhoma pakhonde, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti, "Zofiirazo ndi za mwana uyu."

Lero ndili ndi mwana wanga, Tadala, manja ake ndi angawa ndendende. Akamanyamula kapu ndimakhala ndikumuyang'ana, kuchipatala ndapita, apongozi akuti pali wina anachita, ndimaopa, ndisaname. Dzulo anataya phala, n'kubisa manja m'khwapa. Palibe anamuphunzitsa zimenezo.

Sindinakalipe. Ndinatola chitini, ndinachibowola ndi msomali. Penti ndilibe, ndiye ndinasungunula dothi la katondo m'madzi, n'kuyala saka pabwalo.

"Nditaya, amayi," anatero.

"Taya, mwanawe. Yenda, usaime."