Zimene a Gondwe Anakachita kwa Maloya

Ndikukumbukira bwino chaka chimene mdzukulu wanga Tadala anamaliza sukulu, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Tinkakhala atatu m'nyumba ya ku Beaumont Leys, dera la mumzinda wa Leicester kuno kunja: ine, mwana wanga Esnart amene ndi nesi, ndi Tadalayo. Bambo ake anamwalira iye akadakwawa, kotero kulera kwambiri kunagwera ine, pakuti mayi ake ankangokhalira mashifiti.

Mayeso anakhoza bwino, tonse n'kumati apita ku yunivesite. Koma iye anabwera ndi kalata ina. Kampani ya maloya ya m'katikati mwa Leicester inali itamutenga ngati apurentisi: masiku anayi pa sabata azigwira ntchito, tsiku limodzi aziphunzira, zikatha zaka zingapo adzakhale loya weniweni.

"Akuphunzitse okha, akulembenso ntchito okha?" ndinamufunsa. "Iwowo apindulapo chiyani?"

Esnart anaseka. Ine sindinaseke. Ndine munthu amene ndimawerenga mapilitsi ndisanachoke pakauntala ya famase, ndipo wogogoda pakhomo ndimayamba ndamuonera pazenera.

Mwana anayamba ntchito. Ankanyamuka kusanache bwino, atavala jekete yakuda ndi chikhadi cholendewera m'khosi. Pobwera ankatisimbira zimene wachita: kujambula mapepala, kuwayika manambala tsamba ndi tsamba, kulemba zimene akuluakulu akukambirana, kuyankha foni ndi mawu ena ake amene ine ndinali ndisanawamvepo. Tsiku lina anadumpha tsamba limodzi pa mulu wopita kukhoti. Bwana wake, Mayi Patel, anamuyambitsanso mulu wonse, koma anakhala naye pambali mpaka anamaliza. Zonsezi ankazinena. Chimene sankanena ndi dzina la munthu.

"Nanga mlanduwo ndi wa ndani?"

"Wa kasitomala, Agogo."

Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kubisako ndi kumene kunandidetsa nkhawa. Ndinati malo amene mwana amabwerako wosatchula dzina la munthu, ndiyenera kukawaona ndekha.

Lachiwiri lina ndinavala chijasi cha Esnart chokhala ndi chipewa, n'kumulondola. Iye anakwera pamwamba pa basi, ine ndinadzipanikiza pansi, pampando wakumbuyo. M'tauni ndinapeza benchi moyang'anizana ndi ofesi yawo, chinyumba cha magalasi okhaokha. Kunali kamvula kowaza, benchi ikuzizira mpaka m'mafupa, nkhunda zikundizungulira ngati ndazibweretsera chakudya. Ndinakhala pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi, osaona choipa chilichonse. Ndili pafupi kunyamuka, ndinaona a Gondwe akulowa, atakumbatira envelopu yaikulu pachifuwa.

A Gondwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Loughborough, ndipo kutchalitchi kwathu ankaimba kwaya. Chaka chonsecho anali akufunsira Esnart, moti zotumiza ankhoswe zinali zitayamba kukambidwa. Kupyolera pagalasi ndinaona Tadala akutsika kudzawalandira, n'kulowa nawo mu lifiti. Mwamuna wofuna banja akatani kwa maloya mwakachetechete? Ndinati pali mkazi wina kumudzi, kapena mapepala awo okhalira kuno ali ndi vuto.

Ndinadikira Loweruka m'mawa, Esnart ali kuntchito. Ndinali kumuluka Tadala tsitsi, iye atakhala pansi pakati pa mawondo anga, poti sakanatha kuthawa.

"Lachiwiri ndinali m'tauni," ndinayamba. "Ndinaona a Gondwe."

Khosi lake linauma m'manja mwanga.

"Anadzatani kwanu kuja?"

Tadala nthawi zambiri amandiyankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anasankha Chichewa chake chopindikacho, kuti ndisadzanene kuti sindinamve.

"Agogo, sindinganene kuti anabwera kapena sanabwere."

"Iwe! Ndinakuona ndi maso anga awa!"

"Ndiye mwaona inu. Ine sindinanene."

Ndinakoka tsitsi kuposa mmene linafunikira. "Munthu ameneyu akufuna kukwatira mayi ako. Mayi ako okubereka. Ukawaponye m'dzenje chifukwa cha anthu amene wawadziwa dzulodzuloli?"

"Mukundipweteka, Agogo," anatero, koma mutu sanausunthe. "Tsiku loyamba ndinasayina pangano losunga chinsinsi. Zimene munthu wabweretsa mu ofesi muja ndi zake. Ndikatulutsa, ntchito yatha, ndipo uloya sindidzaununkha."

Kwathu mwana sabisira mkulu. Ine ndinakula choncho, Esnart ndinamulera choncho. Ndinaona ngati mwana amene ndinamubereka kumsana m'chisanu cha dziko lino wandigulitsa. Masabata awiri sindinamulankhule. Ndinasiya kumulongedzera chakudya cha masana. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo pa chipinda changa n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, Agogo?" Ine n'kuyang'ana kukhoma. Tsiku lina ndinamumva akulira m'bafa, atatsegula mpopi kuti aphimbe mawu. Ndinati wafewa, mawa anena. Mawa lake anandipatsa moni, n'kunyamula chikwama chake n'kumapita.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinapita ku ofesi kuja, n'kuuza mtsikana wa pakhomo kuti ndine agogo a Tadala, ndikufuna bwana wake.

Anandilowetsa m'kachipinda konunkhira khofi. Mayi Patel anabwera, wamfupi, magalasi ali pamphuno, Tadala ali pambuyo pawo. Ndinafotokoza m'Chingerezi changa kuti pali mwamuna wina, dzina lake lakuti, ndipo ndikufuna kudziwa chimene amadzachita kuno.

Mayiwo anavula magalasi, n'kundifunsa mofatsa kwambiri:

"Kodi dzina limeneli mwalimva kwa Tadala?"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ntchito ya mwana inali pa lilime langa. Ndikanangoyankha mokhota, kapena kungochedwa kuyankha, zonse zimene ankadzukira m'mamawa zikanathera m'kachipinda kameneko. Ndinamuyang'ana Tadala. Sanandipemphe ndi maso, sanandikodole. Anangoima, manja kumbuyo.

"Ayi," ndinatero. "Ndinaona ndekha ndili pabenchi apo. Mwana uyu ndi mwala. Ndamumana chakudya masabata awiri, sanatulutse ngakhale liwu limodzi."

Mayi Patel anayang'ana benchi pazenera, kenaka n'kuyang'ana ine, ndipo ndikuganiza kuti anadziletsa kuseka. Anati za munthu aliyense wolowa kapena wosalowa pakhomo lawo sangandiuze, ngakhale nditabwera ndi abusa. Koma anawonjezera kuti pali lamulo lina: wantchito akapeza kuti kasitomala ndi munthu womudziwa, amayenera kudziulula tsiku lomwelo, ndipo fayiloyo amamutsekera, sangayitsegulenso pakompyuta.

"Ena timachita kuwakumbutsa," anatero. "Tadala sitinamukumbutsepo."

Pobwerera ndinakhala m'basi ndikusinkhasinkha mawu amenewo. Kutanthauza kuti mwina mwanayo sankadziwa n'komwe zimene zinali mu envelopu muja. Akanatha kungondiuza kuti, "Agogo, sindikudziwa, ananditsekera," ine n'kumusiya, chakudya chake n'kubwerera. Koma kutero kukanakhala kuvomera kuti munthuyo ndi kasitomala wawo, ndipo ngakhale kachidutswa kameneko sikanali kake kuti akapereke. Anasankha njala ndi mkwiyo wanga.

Madzulo ake atafika ndinamupatsa moni ndine. Sanandikumbutse kalikonse, ndipo mayi ake sanawauze kuti ndinakamuchititsa manyazi kuntchito. Esnart adzazimvera m'nkhani ino.

A Gondwe anamukwatira Esnart chaka chotsatira. Zimene anakachita kwa maloya sindikuzidziwa mpaka lero, ndipo ndimawayang'anabe ndi diso limodzi. Tadala akadali pa kampani yomweyo. Tsopano ena ongochoka kumene kusukulu amawakhazika pambali pake kuti awaonetse kagwiridwe ka ntchito.

Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti munthu wokhulupirika ndi amene amakuuza zonse. N'chifukwa chake sindinamupeze, pakuti wokuuza zonse za anzake amakanenanso zako. Ndinachita kumera imvi kuti ndidziwe kuti wokhulupirika ndi amene angakukanize, ngakhale amakukonda.

Pali nkhani ina imene ndinaisenza kuyambira ndili mtsikana, imene ngakhale malemu amuna anga anapita osaidziwa. Mwezi wathawu Tadala anandiperekeza kuchipatala, ndipo tikudikira basi yobwerera ndinamuuza yonse. Anamvetsera, n'kundigwira dzanja. Amene akufuna kuidziwa akamufunse yekha.