Mndandanda wa Nyumba Khumi

Ku Moatize anthu amanditchula kuti Mmalawi, chikhalirecho ndinabadwira ku Zóbuè, ndipo mchombo wanga uli komweko. Chimene chinandipachika dzinalo ndi pakamwa pangapa. Nkhondo itafika kwathu ndinali kamtsikana kosadziwa ndi kumanga nsalu komwe, ndipo tinawoloka malire n'kukakhala m'kampu ya othawa nkhondo cha ku Mwanza. Sukulu ndinayambira kumeneko. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, koma lilime linabwera ndi katundu wake. Anzanga amati shikola, ine ndimati sukulu. Iwo ukawafunsa nthawi amati dezaseti ora, ine mpaka lero choyamba kutuluka ndi faifi koloko, Chipwitikizi n'kumabwera pambuyo chili wefuwefu.

Ine ndi amuna anga tinatsikira ku Moatize malasha atayamba kununkhira ndalama. Iwo anapeza ntchito yotsuka magalimoto akuluakulu a kumgodi ku Chipanga, ine ndinkakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita ku Zóbuè kukatenga mbatatesi ndi kabichi, n'kumagulitsa pamsika. Masiku amenewo tauni inadzaza ngati thumba la makala. Kunali a ku Zimbabwe, a ku Malawi, a ku Maputo, ena ochokera kutali kosadziwika. Palibe ankafunsa mnzake kumene wachokera, chifukwa aliyense anali ndi kachipinda kobwereketsa kapena kanthu kogulitsa. Fumbi lakuda linkatera pazovala zathu tonse mofanana.

M'bairu mwathu, dera la tauni limene tinkakhala, nyumba zinagawidwa khumikhumi, ndipo gulu lililonse linali ndi shefi wake. Ine ndinasankhidwa chifukwa amuna onse anakana, komanso ndimadziwa kugwira cholembera. Ntchito yake inali yolandira madandaulo a nkhumba zolowa m'dimba la eni, kumema anthu pamaliro, ndi kulembera munthu kalata yotsimikiza kuti amakhaladi pano. Malipiro ake anali kutchedwa shefi basi. Sindinama, dzinalo linkandikomera kuposa la Mmalawi lija.

Nyumba yachisanu ndi chiwiri inali ya mayi wina wa ku Congo, amene tonse tinkamutchula kuti Amake Mapasa chifukwa cha ana ake awiri aakazi ofanana ngati madontho. Anali telala. Makina ake ankalira pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo mayunifolomu a ana a m'bairu monse ankatuluka pamenepo. Mwamuna wake anafera kunkhondo kwawoko. Iye anali ndi pepala limodzi, lokutidwa m'pulasitiki, lonena kuti anapempha boma kuti limulandire ngati wothawa nkhondo ndipo akudikira yankho. Pepalalo analitengera kukampu ina yakutali kumpoto, ndipo linatha mphamvu kalekale. Kuti alikonzetse anayenera kubwerera komweko, ulendo wa masiku angapo, ndi ana awiri kumanja. Yankho lija analidikira kuyambira mapasawo akuyamwa mpaka atayamba kuwerenga.

Sitinali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo, koma tinkabwerekana moto ndi sefa. Mbatatesi zikanditsalira ndinkamupatsa, iye n'kundisokera zipi osandiuza mtengo. Chinyungwe ankachilankhula bwino kuposa ine, zimene zinkandipsetsa mtima pang'ono.

Kenako malasha anagwa mtengo, ndipo kumgodi anayamba kuchotsa anthu. Amuna anga anali m'gulu loyamba. Munthu amene ankadzuka tambala asanalire anayamba kukhala pansi pa mtengo tsiku lonse, wailesi ili pakhutu. Pawailesipo nkhani inali ya obwera. Wina ankaimba foni n'kunena kuti malire athu ndi chitseko chopanda mpiringidzo. Wina ankati opempha malo obisala ambiri sathawa nkhondo, amathawa umphawi, ndipo umphawiwo nafenso tili nawo wokwanira. Panali ena oyankha kuti dziko lino linasungidwapo ndi anzathu, tisaiwale msanga, koma amenewo ankadulidwa ndi nyimbo. Amuna anga ankagwedeza mutu movomereza onse, woyamba ndi wotsiriza yemwe. Nanenso ndinalankhulapo zanga pamsika, zoti ntchito zatha chifukwa cha alendo, ngakhale ndinkadziwa bwinobwino kuti palibe telala wa ku Congo amene anatsukapo galimoto ya kumgodi.

Loweruka lina asekretariyu a bairu anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati kwabwera mawu kuchokera kumtunda kuti shefi aliyense alembe obwera onse a m'nyumba zake khumi, dzina, dziko, ndi pepala limene ali nalo. Anati si zothamangitsa munthu ayi, n'zongofuna kudziwa.

Bambo wina wogulitsa njinga zakale anaimirira. "Tsono ife tiwadziwa tani? Enawa ali na bilyeti ya unzika yogula."

Anthu anayamba kupereka nzeru. Wina anati aziimbitsidwa nyimbo ya fuko, koma zinapezeka kuti theka la ife timangodziwa poyambira ndi pobwereza. Wina anati tiziona chipsera cha katemera, amayi n'kukana kuti palibe wovula malaya pano. Pomaliza mayi wina wa nyumba yachitatu, amene tinayambanapo kale chifukwa cha ngalande ya madzi osamba, ananena mokweza.

"N'zosavuta izi. Mungomufunsa nthawi. Akati kinze ora ngwathu, akati fili koloko mulembeni."

Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine. Nanenso ndinaseka, mano okha. Amake Mapasa anali kumbuyo, nsalu ya munthu ili pamwendo akuipinda m'mphepete. Mnyamata wina anamufunsa mwachipongwe kuti nthawi ili bwanji, iye n'kuyang'ana foni, n'kuyankha m'Chipwitikizi chosalala ngati cha aphunzitsi. Anthu anasekanso, nati mwaona, uyu wapambana, wagwa ndi shefi wake.

Pobwerera mayi wa ngalande uja anandipeza panjira. "Mndandanda wanu tidzauona, shefi. Kaya mudzadziyamba nokha pamwamba."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya m'phazi. Bilyeti ndinali nayo, yeniyeni, koma ndinaitenga mochedwa, ndi mboni ziwiri, chifukwa mapepala anga obadwira anapsa ndi nyumba nthawi ya nkhondo. Ndinkadziwa mmene nkhani zotere zimayendera. Mndandanda wanga ukanapita wopanda dzina, akanati Mmalawi akubisa alendo anzake, ndipo mawa lake wina akanafunsa kuti kodi mboni zija zinali zayani. M'nyumba zanga khumi wobwera analimo mmodzi yekha, ndipo aliyense ankamudziwa.

Lachiwiri ndinakwera shapa kupita ku Zóbuè monga mwa masiku onse. Kumeneko kuli achimwene anga, amene anatenga munda wa bambo titabwerako ku Malawi. Ndinawapeza akukumba mbatatesi, ndipo ndinawafotokozera nkhani yonse tili chiimire m'mizere.

"Lemba," anatero osaweramuka n'komwe. "Lamulo ndi lamulo. Ife tinali m'kampu, tinkakhala pamene atiika. Sitinkayendayenda m'matauni a eni n'kumatsegula mabizinesi."

"Achimwene, mukunama," ndinatero. "Amayi sankapita kumidzi kukalima ganyu? Inu simunkagulitsa mafuta athu olandira pamsika wa ku Mwanza?"

"Zimenezo zinali zina."

"Zinali zina bwanji?"

"Ife tinali ndi kwathu kobwerera, ndipo tinabwerera. Awa sabwerera."

Alamu anga, amene ankatola mbatatesi kumbuyo kwathu, analowererapo. Abale awo a kumidzi ya chakumtunda anali atathawiranso ku Malawi mfuti zitayambanso kulira kumeneko, ndipo pawailesi ena ankanena kuti amenewo si othawa nkhondo koma alesi otsata chimanga chaulere. "Amayi anga anasiya nkhokwe yodzaza," anatero alamuwo. "Mlesi wake uti amasiya nkhokwe?" Achimwene anati nkhani ziwirizi sizifanana, alamu anati zikufanana, ndipo anakangana mpaka ine ndinamanga matumba anga ndekha.

Pondiperekeza kumsewu achimwene anatsitsa mawu. "Iwe mlongo wanga, mapanga awiri avumbwitsa. Kumeneko amakuyesa kale wa kutsidya. Amuna ako ali pansi. Ukataya malo pamsika udya chiyani?" Pamenepo ananena zimene ndinapitira kukamva.

Ndinalemba Lachinayi masana, nditakhala pampando wa pakhonde, makina aja akumveka kuchokera nyumba yachisanu ndi chiwiri. Sindinapite kukamufunsa kanthu. Dzina lake lenileni ndinali nalo kale m'kope langa, chifukwa chaka chimene mapasa ankayamba sukulu anabwera ndi pepala lake lija kuti ndimulembere kalata, ndipo ndinalikopera chilembo ndi chilembo. Linali dzina lalitali, la zilembo zogundana zimene lilime lathu limapunthwa nazo. Ndinalisamutsa mosamala, ndinalemba dziko, ndipo pa mzere wa pepala ndinalemba kuti lilipo koma linatha. Ndikanatha kungolemba kuti lilipo. Ndaganizapo kambirimbiri za mawu awiri owonjezerawo, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi, ndinkafuna kuti aone kuti shefi uyu sabisa kanthu.

Ndinadzitonthoza kuti mapepala a kuno amakagona m'kabati mpaka chiswe chiwapeze. Tinalembapo mayina a ofuna maukonde a udzudzu, a ofuna madzi a m'mipope, a nyumba zong'ambika ndi kuphulitsa kwa kumgodi, ndipo palibe chinachitikapo. Miyezi iwiri inadutsa kuli zii. Mayi wa ngalande anasiya kundinena, wailesi inapeza nkhani ina, ndipo ine ndinayambiranso kupereka mbatatesi zotsala ku nyumba yachisanu ndi chiwiri. Ndinkapereka zambiri kuposa kale, mpaka mwini wake anandifunsa ngati malonda akuvuta.

Koma pepala limeneli lokha ndi limene linayenda. Kunabwera kalata yomuitana ku ofesi ku Tete, ndipo anapita m'mawa atavala diresi lake la kutchalitchi. Anabwerako madzulo. Mawa lake makina sanalire. Tinamva kwa asekretariyu kuti sanamumange, sanamunyoze, anangomuuza kuti nkhani yake ili kukampu kuja, abwerere akadikirire komweko, ndipo anamupatsa masiku. M'bairu anthu anayamba kudandaula kuti nanga mayunifolomu atisokera ndani, ena mwa iwo omwe aja ankawomba m'manja pamsonkhano. Bambo wa njinga ndiye anagula makinawo.

Ine ndinayamba kuzungulira njira ya kuseri popita kumsika. Ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya nawo manyaziwo, moti ndinkakalipira ana anga popanda chifukwa. Amuna anga anandiuza kuti ndisadzizunze, ndinangochita zimene anandituma. Ndinawayankha kuti akanakhala ndi ntchito sakanakhala ndi nthawi yondiweruza mlandu, mawu amene sanayenere kuwamva.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, anabwera yekha kwathu cha m'ma teni koloko m'mawa. Anaodira pachipata monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinamupatsa mpando. Anakhala, manja ali pamaondo.

"Mama shefi, ndabwera kudzapempha dekalarasau," anatero. "Ya ana. Kuti anakhala pano, analowa shikola pano, ali mu kalasi yachinayi. Kuti kumene tikupita asawabwezere kumbuyo."

"Ndilemba, vizinya," ndinatero, monga timaitanirana oyandikana nyumba. "Ndilemba pompano."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga kope ndi cholembera, ndipo ndinachedwako dala. Nditatuluka ndinakhala moyang'ana kumbali, n'kuyamba kulemba. Ndinkayembekeza kuti andifunsa, ndipo mayankho ndinali nditawakonza kale atatu: kuti anandikakamiza, kuti aliyense ankadziwa kale, kuti sindinkadziwa kuti zifika pamenepa. Iye ankangoyang'ana nkhuku zikupalasa pabwalo.

Nditafika polemba dzina la mayi wa anawo, ndinaima, n'kuyamba kutsegula masamba a kope ngati ndikulifunafuna.

"Musavutike, mukulidziwa," anatero mofatsa. "Ku ofesi anandionetsa pepala lija. Zaka zonsezi m'dziko lino, kukampu, kuchipatala, kutchalitchi, palibe analembapo dzina langa osalakwitsa. Inu nokha munalemba bwino."

Ndinalemba dzinalo osayang'ana m'kope, ndinasaina, n'kumupatsa pepalalo. Analiwerenga lonse mpaka pansi, analipinda kawiri, analilowetsa m'pulasitiki muja pamodzi ndi pepala lake lakutha, ndipo anandithokoza ndi manja awiri.