Thonje la M'chitsime Changa

Chaka chimene mbewa zinatidyera mtedza, mlongo wanga anandiitana kuti ndikaone mwamuna amene amafunsira mwana wake wamkazi. Ine ndine mwini mbumba kwathu ku Kasenengwa. Ndikakana ine, ukwati palibe. Anandipatsa milungu iwiri.

Mwamunayo anali mphunzitsi wa sayansi, wokhala ku Kapata m'tauni. Anafika Loweruka m'mawa atavala tayi, chikwama chikulira ngwengwengwe. Ndinati koma mkamwini uyu ngwaulemu, wabwera ndi zakumwa. Anali mabotolo opanda kanthu, otsukatsuka. Titapatsana moni, sanakhalitse pakhonde. Anapempha kukaona dimba.

Dziwani kuti kwathu mkamwini amapatsidwa mbali ya dimba. Ndiye munthu wofunsa dimba asanafunse dzina la galu, ine ndimamuyang'ana kawiri. Ndinamutsatira cham'mbuyo, ndikubisala m'nthochi.

Chitsime changa cha kudimbako chili ndi ndere zosaoneka kwina. Zinakhuthala mwakuti tsiku lina mbuzi inadutsa pamwamba pake osanyowa chiboda. Ndikulumbira pali malemu bambo anga. Mbuziyo ikanakhala moyo ikanandichitira umboni. Ndinamupeza mphunzitsi atagwada m'matope, akutunga nderezo m'mabotolo, n'kumazijambula ndi foni.

"Aphunzitsi, kwanu ndiwo zavuta?"

Anadzidzimuka mpaka tayi inalowa m'madzi. "Ayi, malume. N'zophunzitsira ana."

"Kuwaphunzitsa kuterereka?"

Anaseka yekha. Kenaka anayamba kufotokoza. Akuti kaulusi kalikonse ka ndere ndi mzere wa tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo kachipinda kalikonse kali ndi khoma lake. Khomalo, akuti, linalukidwa ndi chinthu chotchedwa selulozi, chomwechonso chimene chimapanga thonje.

"Thonje lake liti?"

"Lomweli mumalimali, malume. Kunja kwa khomalo kuli zina zoterera, zofanana ndi zimene zimagwiritsa jamu. Pali ndere zinanso zimene khoma lake lilibe selulozi. Ndi la mapuloteni osakanikirana ndi shuga."

"Shuga."

"Ee. Selulozi amene ndi shuga wolumikizana ngati unyolo, kungoti mimba yathu siingamugaye. Ng'ombe zimatha."

Ndinangoti zikomo. Ndalima thonje zaka zochuluka kuposa mano amene ndatsala nawo, ndipo sindinaonepo nyerere ikunyambita belo la thonje. Ndinaganiza kuti munthuyu ndi chimodzi mwa ziwiri: wabodza kapena wochenjera. Wabodza sindingamupatse mwana. Wochenjera sindingamupatse dimba.

Lolemba ndinavuula ndere zodzaza ndowa ziwiri n'kuziyanika padenga la khola. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndayamba using'anga. Ndinamuuza kuti ndili pa ntchito ya mbumba. Patapita masiku anayi, zobiriwira zija zinasanduka chinsalu chotuwa, chokhuthala ngati bulangeti la kuchipatala. Ndinang'ambako kachidutswa n'kuyatsa machesi. Kananyeka ngati sanza, fungo lake la sanza yomwe yagona ndi nsomba. Nkhuku zonse za m'mudzi zinayetsemula nthawi imodzi. Izi sindikuwonjezera, ndine Mkatolika, ndipo linali Lachisanu.

Ndiye kuti sananame. Apa mpomwe mtima unandiwawa kwenikweni. Munthu wadziwa kuti m'chitsime changa mumamera thonje losafuna kupalira, losafuna kupopera mankhwala, lopanda mbozi, kenaka mwadzidzidzi wakonda mwana wa mlongo wanga? Ndinayamba kukumbukira zambiri. Anandifunsa ngati chitsime chimaphwa mu Okutobala. Anafunsanso ngati pali wina amatungako. Ngakhale tayi ija ndinayamba kuikayikira, kuti mwina anaiviika dala poyesa kuzama kwa madzi.

Tsiku loyankha linafika. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango: ine, mlongo wanga, mphunzitsi ndi mkulu wake. Mtsikanayo anakhala chapatali pamphasa. Ndinatchera msampha wanga.

"Aphunzitsi, chitsime chija ndikuchikwirira mawa. Dimba ndapereka kumpingo. Mwana mukumufunabe?"

Nkhope yake inagwa. Ndinatsinzinira mlongo wanga kuti waona?

"Nanga achule a m'chitsimemo apita kuti, malume?" anatero mphunzitsiyo.

Mtsikana uja, amene chibadwire sanayankhepo pamaso panga, anadzuka pamphasa.

"Malume, ndilankhuleko. Ku Kapata ndere zili mumfuleni wa pakhomo pawo penipeni. Amachita kuzilumpha popita kuntchito. Kudimba amathawirako chifukwa cha inu."

"Ine ndamutani?"

"Tsiku loyamba munakhala mukunola chikwanje pakhonde, maso ali pa iwo, osaphethira. Akanakhala pati?"

Chikwanjecho chinali chobuntha, chimafunika kunola, sindinasankhe tsiku. Mkulu wake wa mphunzitsi anayang'ana kumwamba ngati akufuna mango akupsa. Mlongo wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ndinamufunsa mphunzitsi ngati zinali zoona. Anati zoona, komabe ndere zanga n'zabwino kuposa za m'tauni, ulusi wake ngwautali. Mtsikana anamuyang'ana diso limodzi lokha, iye n'kutseka pakamwa pomwepo. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti dimba lili ndi mlonda woposa ine.

"Mutengeni," ndinatero. "Koma mbali yanu ya dimba ndi ya kumtunda, kouma kuja."