Pitikoti Imene Ndinasokera Mwana Wanga

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Kulemba ndinaphunzira imvi zitayamba kale, ndiye mundipirire.

Ndinafika ku Joni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mkati mwa sabata ndinkasamala maluwa kwa adona ena ku Irene, ndipo Loweruka ndinkasoka m'kachipinda kanga ka lendi ku Atteridgeville. Utelala ndinachoka nawo ku Ntcheu. Kumudziko ndinasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi. Mkaziyo anamwalira ine ndili kuno, ndipo kumaliro sindinapite. Mwanayo atakula ananditsatira, napeza ntchito ya m'nyumba, kenaka anapeza mwamuna wa ku Dedza, wogwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Rosslyn.

Chikulire mwana wangayo sanandipemphepo kanthu. Pa ukwatiwu anapempha chimodzi, kuti diresi ndimusokere ndine, lotambalala ngati ambulera.

Diresi lotere siliima lokha, limafuna pitikoti ya neti mkati. Neti youma umaidula zigawo zitatu, chilichonse chachitali kuposa chinzake, n'kuzikwinya ndi ulusi, n'kuzilumikiza. Koma neti imaluma. Telala aliyense amadziwa kuti pakati pa neti ndi khungu pamafunika nsalu yofewa, yochoka m'chiuno kufika m'munsi mwa mawondo. Nsaluyo ndinagula, yoyera, yosalala ngati mkati mwa tsamba la nthochi.

Sabata yomweyo ya ukwati, adona anamva kuti ndimasoka. Anandipempha pitikoti ya mdzukulu wawo, woti akavine kusukulu. Zaka zisanu ndi zitatu ankandiitanira paipi ya madzi ndi fosholo basi. Ndinafuna aone kuti manja awa amadziwa zina. Ndinatenga nsalu yofewa ija n'kuidula, n'kusokera pitikoti ya mdzukuluyo. Adona anayamikira, mpaka anaitana mnzawo woyandikana nawo kuti adzaone. Ndikanatha kupempha theka la tsiku kuti ndikagule ina mtauni, koma ndinaopa kuwononga kuyamikiridwako. Mumtima ndinati, ndi tsiku limodzi lokha.

Lachisanu madzulo mwana wanga anabwera kudzayesa. Anayenda masitepe atatu n'kuima.

“Abambo, ikundibaya.”

“Ndi yatsopano,” ndinatero. “Ikamva kutentha kwa thupi ifewa.”

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana makina, n'kunena kuti chabwino. Neti siifewa. Ndinkadziwa.

Unali mwezi wa Disembala, dzuwa likuswa mtengo. Tinayamba ndi kutchalitchi, kenaka kukajambulitsa mtauni, kenaka kuholo, kumene anamuvinitsa kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Kwathu mkwatibwi amazolika. Sayankhulayankhula, sadandaula, ndipo sangadzikande pamaso pa apongozi. Ndinkamuona akuyenda motalikitsa miyendo pang'ono, akuluma mlomo. Misozi itayamba, azimayi ankanong'onezana kuti wakumbukira mayi ake. Ena ankati mwana woleredwa bwino amalira akamasiyana ndi bambo ake. Amuna ankabwera kudzandigwira chanza, kuti diresi lotere ngakhale m'mashopu a azungu mulibe. Zanza zonsezo ndinalandira.

Madzulo azimayi a chilangizo anamulowetsa m'nyumba ya eni malo athu kuti akasinthe. Ine ndinali panja pafupi ndi zenera, ndikusanja mipando. Ndinamva mayi wamkulu wa gululo akuitanitsa madzi ofunda ndi mafuta. Ankati ntchafu zonse zasupuka, kuseri kwa mawondo kukutuluka magazi. Kenaka anafunsa kuti ndi telala wanji amene amasoka neti yopanda nsalu mkati, komanso kwa mwana wake womubala yekha.



“Nsalu inalimo, Amayi,” anatero mwana wanga. “Ndinaidula ndekha m'mawa. Kumatentha.”

Azimayiwo anamukalipira kwambiri. Ankati ndi mwano wa atsikana a ku Joni, wawononga thukuta la bambo ake, ndipo mwamuna wake ayamba banja ndi kutsuka mabala. Mayi wamkulu uja yekha ndiye sanakhutire. Anati mawa akaweruka kutchalitchi adzaiona bwino pitikotiyo kukuwala, chifukwa iyenso anagwirapo singano.

Chitseko chinali pafupi. Ndinali ndi mpando m'manja, ndipo ndinausanjika pa unzake n'kutenga wina.

Ponyamuka kupita kwa mwamuna wake, mwana wanga anandigwadira movutika n'kundipatsa chikwama cha diresi kuti ndimusungire. Sananene kanthu za miyendo. Mpaka lero, ali ndi ana atatu, sanatchulepo.

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinatulutsa pitikoti ija. M'munsi mwa neti munali timadontho touma tofiirira. Ndinafufuza pansi pa makina n'kupeza kachidutswa kotsala ka nsalu yofewa ija, kopyapyala ngati lamba. Ndinasomola msoko wa m'chiuno, ndinalowetsamo kachidutswako kuzungulira chiuno chonse, n'kusokanso bwinobwino. Kenaka ndinatenga sizasi n'kukadula mokhotakhota, monga angadulire mtsikana wofulumira amene sadziwa kusoka. Ndinaipachika pakhomo, n'kukhala pansi kudikira mayi uja.